Akuti m'zithunzimo munalibe munthu

Lachiwiri lapitali, teni koloko itangodutsa ndi mphindi makumi awiri, ndinakhala pakhonde pathu ku Syokimau, kufupi ndi Nairobi, n'kuyatsa kamera ya mwana wanga, monga ndakhala ndikuchitira m'mawa uliwonse. Ndinkayembekezera kuona sitima yapamadzi yofiira, chifukwa ndiyo imayamba nthawi zonse. M'malo mwake ndinaona nkhope ya a Gondwe.

Anali mu suti yabuluu, atagwira maikolofoni, kukamwa kuli yasa.

Ndinadina kabatani kopitira kutsogolo. A Gondwe. Ndinadinanso. A Gondwe ndi akazi awo. Kenako amayi a mvano ali pamzere, kenako mbale za mpunga, kenako a Gondwe akupatsa moni abusa. Ndinadina mpaka chala chinawawa. Sitima ija sinabwere.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mlungu ndi mlungu mukudziwa kuti ine ndimalemba tinthu ting'onoting'ono: madzi amchere a kuno, phokoso la m'maminibasi amene kuno amati matatu, adzukulu athu amene akuiwala kupereka moni m'Chichewa. Za Tadala sindinalembepo. Lero ndilemba.

Tadala anali mwana wanga mmodzi yekhayo. Ankagwira ntchito ku bungwe lina loona za mizinda kuno ku Nairobi, ndipo ndiye anakanditenga kwathu ku Ntcheu kuti ndidzamulerere mwana wake, Mphatso. Chaka chatha a kuntchito anamutumiza ku msonkhano ku Chile, mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja yaikulu wotchedwa Valparaíso. Dzinali ndinaliphunzira iye atamwalira. Ali moyo ndinkangoti "kumene wapitako kuja."

Msonkhano utatha anatsalira masiku atatu. Anati akufuna auone mzindawo wapansi. Bambo ake, malemu amuna anga, ankayendetsa thiraki ya ku Beira, ndipo ankamuuza ali wamng'ono za sitima zazikulu kuposa tchalitchi. Mwanayo anakula ndi njala yoona doko. Tsiku lachitatu, akukwera masitepe a m'phiri lina la mumzindamo, anagwa. Madokotala anati magazi anaundana n'kutseka m'mapapo. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.

Katundu wake anatipeza titabwerako kumaliro: sutikesi, nsapato zoyendera zodzaza fumbi, ndi kamera yakuda m'kachikwama kake.

Apongozi anga, bambo a Mphatso, sanafune kuiona. Anangouza mwana kuti akaiike kuchipinda kwanga. Ife a ku Ntcheu mukutidziwa: mpongozi sukhala naye moyang'anizana, sucheza naye za kumtima. Timakhala nyumba imodzi, timapatsana moni mwaulemu, zina zonse timauzana kudzera mwa mwana. Choncho palibe anandiuza kuti zithunzi za m'kamera munthu amazikopera kwina. Ine ndinkayesa kamera ili ngati alubamu, kuti ukaikamo chithunzi ndiye kuti chakhala.

Ndinadziphunzitsa ndekha timabatani titatu: koyatsira, kopitira kutsogolo, kobwerera m'mbuyo. Ndipo ndinapeza kuti zithunzizo zinali mu ndondomeko, monga mmene iye anayendera. Ukazitsata unkayenda naye.

Zinkayambira pansi, padoko. Sitima yofiira ija, makontena ataunjikidwa ngati njerwa pa uvuni, zitsulo zazitali zonyamulira katundu. Kenako ndowa za nsomba pamsika, mbalame zoyera zikudikirira chapafupi. Kenako njira inkayamba kukwera. Mzinda umenewo unamangidwa m'mapiri, nyumba pamwamba pa inzake, zambiri zokutidwa ndi malata mpaka m'makoma, zopakidwa penti wachikasu, wobiriwira, wofiirira, ngati wina wayanika zitenje phiri lonse. Kuli tinyumba tina tokwera phiri pa njanji, tokokedwa ndi chingwe. Anatijambula kasanu, koma zikuoneka kuti sanakweremo, chifukwa zotsatira zake zinali za masitepe. Masitepe okhaokha. Agalu ogona pakati pa njira ngati eni mzinda. Mawaya a magetsi opiringizana. Zovala za eni ake pachingwe, pakati pake pali kakabudula ka mwana. Ndipo paliponse pamene ankatembenuka, nyanja inali pansi, sitima yofiira ija ikucheperachepera.

Anthu sankawajambula. Ankati si ulemu kujambula munthu usanamupemphe.

Ndinkadziwa pamene anapuma, chifukwa pamenepo ankajambula chinthu chimodzi katatu. Ndinkadziwa pamene anasochera, chifukwa khoma lina lopentedwa nsomba yaikulu linabwera kawiri, poyamba lili kumanja, kenako lili kumanzere. Ndinkadziwa pamene anadya: kapu ya khofi ndi chitumbuwa cholumidwa kamodzi. Chithunzi chomaliza chinali cha chitseko chabuluu pakati pa masitepe, galu wakuda atagona pakhomo. Chinali chopendekeka pang'ono. Tadala sankajambula zopendekeka.

Chaka chathunthu, Mphatso akangopita kusukulu, ine ndinkakwera phiri limenelo ndi mwana wanga. Ndikafika pachitseko chabuluu ndinkazimitsa kamera n'kukatsuka mbale. Ndinkati Mphatso akadzakula ndidzamupatsa. Panopa ali ndi zaka zisanu. Nkhope ya amayi ake ali nayo, ili pakhoma la pabalaza. Koma zimene maso a amayi akewo ankakonda kuyang'ana zinali m'kameramo mokha.

Tsono Loweruka, masiku atatu Lachiwiri lija lisanafike, tinali ndi mapemphero a chikumbutso ku Parklands. Amene anakonza ndi a komiti yathu ya Amalawi, imene wapampando wake ndi a Gondwe. Dzinali si lawo lenileni, koma komiti yathu ili ndi wapampando mmodzi.

Ndinene poyera kuti a Gondwe si munthu woipa. Thupi la mwana wanga likuchokera kutsidya kwa nyanja, ndiwo anathamanga ndi mapepala, ndiwo anaswera pabwalo la ndege, ndiwo anatiperekeza mpaka ku Ntcheu. Zimenezo sindidzaiwala. N'chifukwa chake atabwera Lachinayi n'kunena kuti, "Mayi, ndi ulemu kuti chikumbutso cha malemu chijambulidwe ndi kamera ya malemu yomwe," sindinathe kukana. Munthu amene anakunyamulira maliro ungamumane bwanji kamera?

Anaibweza Lolemba madzulo, ili m'kachikwama kake, yopukutidwa bwino.

Ndiye Lachiwiri lija, chala chitawawa, ndinawaimbira foni.

"A Gondwe, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino mayi, kaya inu? Mwaziona zithunzi? Zatuluka bwino, makamaka za abusa."

"Ndaziona. Nanga za Tadala zili kuti?"

"Za malemu? Za malemu munalibe, mayi. Ndinafufuza chimodzichimodzi, ndimati tipezemo chabwino choika pa pologalamu."

"Ndikunena zimene anajambula."

"Oo, zijazi." Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene mtima wake uli m'malo. "Musadandaule, palibe chatayika. Titafika muholo kamera inkanena kuti yadzaza, ndiye ndinazichotsa kuti tipeze malo a vidiyo ya zolankhula. Koma ndinasamala. Chikanakhala ndi munthu sindikanachikhudza. Munali makoma okhaokha, masitepe, agalu. China chinali cha zovala za eni ake pachingwe. Ine ndimayesa mwina ankangoyesera kamera."

"Masiku atatu akuyesera kamera?"



"Koma mayi, munalibe munthu."

"Munali mwana wanga."

"Ayi mayi, ndikunenetsa, ndinayang'ana bwinobwino."

"Anali kumbuyo kwake, a Gondwe. Chithunzi chilichonse chimene mwachotsacho ndi malo amene anaimapo."

Ndinkamva mafoni akulira mu ofesi mwawo. Kenako anati, "Pepani mayi, sindinaganize. Koma pajatu madzi akatayika saoleka."

Mwambiwu ndi woona. Koma umakoma ukatuluka pakamwa pa mwini madzi, osati pa amene wagunda mtsuko.

Tsopano mwina mukuganiza kuti ndalemba kuti ndiwanyoze a Gondwe. Bwenzi zili bwino zikanakhala choncho. Bwenzi ndikugona tulo.

Tsiku loyamba la kuyenda kwake kuja, Tadala ananditumizira chithunzi chimodzi pafoni, cha nyumba za m'phiri zija. Ine ndinamuyankha ndi mawu. Ndinati, "Iwe, wapita kutali konseko kukajambula malata? Ku Ntcheu malata kulibe? Tatumiza cha iweyo tikuone." Anaseka, n'kuyankha kuti, "Amayi, ine mumandiona tsiku lililonse. Taonani zimene ndikuona."

Sananditumizirenso china.

Ndiye ine ndi a Gondwe tikusiyana pati? Iwo anangochita ndi chala chimene ine ndinachita ndi pakamwa. Tonse tinaleredwa kumodzi. Kwa ife chithunzi ndi munthu ataima njo, atavala zabwino, manja m'mbali, akuyang'ana kamera ngati ali pamaso pa woweruza. Chithunzi chopanda munthu ndi cholakwika, ngati chija chimatuluka ukagunda batani mwangozi.

Tatsegulani foni yanu panopa muone.

Ambiri a inu mumayenda kuposa mmene bambo a Tadala anayendera ndi thiraki moyo wawo wonse. Mwezi uno muli uku, mwezi wamawa muli uko. Mukabwerako mumationetsa chiyani? Inuyo mwaima pakhomo la hotela. Inuyo mwaima kutsogolo kwa chinsalu cha msonkhano, kakhadi ka dzina kali pachifuwa. Inuyo pabwalo la ndege, dzanja lili pasutikesi. Mizinda khumi, nkhope imodzi. Munthu akakufunsani kuti kumeneko anthu amayanika kuti zovala, kapena misewu yake imakwera kapena imatsika, mumati, "Aa, pologalamu inali yothina."

Chithunzi chathu chimangonena chinthu chimodzi: ndinaliko. Sichinena chimene unaona.

Ngakhale Nairobi yemweyu. Ena mwakhala muno zaka khumi ndipo mumamudziwa pawindo la galimoto: kunyumba, kuofesi, kumashopu, kutchalitchi, kunyumba. Kuyenda wapansi ndi kwa osauka. Wapansi wopanda kokagula kapena kokaona wodwala ndiye timamukayikira kumene. Ndinawamva amayi ena pa siwa, ndili chigonere pamphasa, akuyesa ndagona. Wina anati, "Koma ankafunako chiyani kumtundako, mayi wapabanja, yekhayekha?" Mnzake anati, "Za azungutu izi. Akanangokwera takisi, bwenzi pano ali moyo."

Madokotala anati magaziwo akanamupeza paliponse, ngakhale pampando wa mu ndege. Koma kwa amayi aja chinamupha ndi kuyang'ana zinthu zopanda ntchito.

Pali chinanso, ndipo ichi ndiye chikundiwawa kwambiri.

Namfedwa timamukhazika pamphasa, timamufunditsa chitenje, timamuphikira, timamuganizira. Mlungu woyamba zimenezo ndi chifundo, chifukwa mutu sugwiradi. Koma chizolowezicho sichitha. Chaka chimatha anthu akukuganizirabe. Amasankha nyimbo zimene mwana wako ankazikonda osakufunsa. Amasankha wolankhula m'malo mwako. Amasankha chofunika ndi chosafunika pa katundu wake. Onse ndi mtima wabwino, ndipo ukadandaula ndiwe wosayamika.

Loweruka lija, pamene a Gondwe ankadina kabatani kofufutira, ine ndinali muholo momwemo. Ndinali pampando wa kutsogolo, umene anandisankhira okha. Kuchokera pamene anaima kufika pamene ndinakhala panali mapazi asanu. Mawu amene akanandifunsa anali awiri okha: "Mayi, ndichotse?"

Mwana wanga sankajambula ngakhale mlendo wa mumsewu asanamupemphe. Iye zake zinachotsedwa mayi wake ali pomwepo, osafunsidwa.

Lachiwiri lomwelo madzulo ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chikwatiwire Tadala. Apongozi ataweruka, sindinatume Mphatso. Ndinalowa pabalaza, ndinakhala pampando woyang'anizana nawo, ndinaika kamera patebulo, n'kuwauza zonse ndekha.

Anamvetsera atazolika. Nditamaliza anafunsa kuti, "Munali zingati, amayi?"

"Sindinawerenge. Kuziona zonse kunkatenga nthawi yofanana ndi kuphika nyemba."

"Ine sindinaonepo ngakhale chimodzi," anatero. "Ndimati chaka chikatha ndidzalimba mtima. Ndimati Lamulungu likubwerali ndikupempheni."

Pamenepo ndinazindikira kuti ulemu wathu uja watilanda tonse awiri. Iwo ankadziwa kukopera zithunzi koma sankatha kuziyang'ana. Ine ndinkaziyang'ana tsiku lililonse koma sindinkadziwa kuzikopera. Chaka chathunthu m'nyumba imodzi, khoma limodzi lokha pakati pathu.

Lachitatu sanapite kuntchito. Ananditengera mutawuni kwa bambo wina wokonza makompyuta, m'kashopu kopanikizika pamwamba pa masitepe. Bamboyo anatulutsa kakhadi kakang'ono m'kameramo, kochepa ngati chikhadabo. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kamatuluka. Anakalowetsa m'makina ake, tinadikira ola lathunthu, kenako anapukusa mutu.

"Pole sana, mama," anatero, kupepesa m'Chiswahili. Anafotokozera apongozi kuti chithunzi chofufutidwa chimatha kubwerera ngati sunajambule china pamwamba pake. Koma apa vidiyo ija inali itadya pafupifupi malo onse.

Zinabwerera zisanu ndi ziwiri, zonse za m'mawa womaliza. Masitepe kawiri. Mphaka pawindo. Mawaya. Duwa lomera m'mng'alu wa khoma. Nyanja ili kutali, sitima ija itasanduka kadontho kofiira. Ndi chitseko chabuluu. Koma chimenecho chinabwera theka lokha. Kumwamba kuli chitseko, kumunsi kuli mbuu ngati phulusa. Galu uja palibe.

Apongozi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Amayi, munsimu munali chiyani?"

Ndinawauza. Ndinawauza za galu wakuda, kuti khutu lake limodzi linali lopindika. Ndiye anati ndiyambire poyambirira. Pobwerera, galimoto zitathinana pa msewu wa ku Mombasa, ndinawayendetsa mzinda wonsewo ndi pakamwa, kuyambira pa sitima yofiira. Anati ndizinena pang'onopang'ono, adzazilembe, Mphatso adzawerenge. Ndi zimene zatsala. Mwanayo adzamva kwa agogo ake zimene akanaona ndi maso.

Vidiyo ija ndinaionera. Ndi yaitali mphindi makumi anayi, ndipo yambiri ndi a Gondwe. Penapake akunena kuti, "Malemu anali munthu woona patali." Anthu akuwomba m'manja.

Sindinaifufute. Ine sindifufuta za eni ake ndisanafunse.

A Gondwe anabwera Lachisanu ndi akazi awo kudzapepesa, ndipo ndinawalandira, ndinawaphikira tiyi. Akazi awo anati, "Chachikulu mayi, nkhope yake muli nayo." Ndinangowawonjezera tiyi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife tadekha liti? Tsiku limene inu mudzapite, ana anu adzatsegula foni yanu n'kupezamo nkhope yanu kambirimbiri, mu suti, pakhomo la hotela. Adzadziwa kuti munaliko. Nanga adzadziwa bwanji chimene chinkakuimitsani panjira?

Apongozi andigulira kakhadi katsopano. Kakale kaja ndakakulunga m'kansalu, kali m'Baibulo. Andiphunzitsanso kabatani kachinayi, kojambulira.

Lachinayi m'mawa ndinatuluka nayo kamera koyamba. Kuno kulibe nyanja, koma makontena alipo. Amadutsa pa msewu waukuluwu tsiku lonse, pa mathiraki ochokera kudoko, ena opita ku Athi River, ena olowera mutawuni. Ndinaima pambali n'kudikira lofiira. Ndili chiimire, mayi wina wootcha chimanga anandiyang'ana, anayang'ana kumene kamera yaloza, n'kunena kuti, "Mama, hapo hakuna mtu." Ndiye kuti pamenepo palibe munthu.

Ndinamuyankha kuti ndikudziwa.

Zithunzi zanga n'zopendekeka pafupifupi zonse. Manja anga sanazolowere. Koma dzulo ndinajambula geti lachitsulo lobiriwira, mbuzi itagona pamthunzi wake, ndipo Mphatso ataliona anafunsa kuti lili kuti. Lili kuseri kwa nyumba yathu. Ndadutsapo zaka zinayi osaliona.

Tsopano m'mawa uliwonse, Mphatso akapita kusukulu, ndimavala nsapato za Tadala zija, ndimakoleka kamera m'khosi, n'kuyenda wapansi mpaka dzuwa litakwera. Madzulo ndimakhala pabalaza ndi apongozi, iwo n'kukopera zimene ndajambula malo awiri. Kamerayo sindibwereketsa.